Mabuku a osamukira kunja: nanga ife a ku Joni tilimo?

Tamanda (Braamfontein): Moni nonse. Ndikudziwa kuti gulu lino ndi la mabasi, maganyu ndi zipinda za lendi, koma lero ndiloleni ndibweretse nkhani ya mabuku, a admin musandichotse chonde. Ndangomaliza Americanah, buku la Chimamanda Ngozi Adichie la mu 2013 lija. Mtsikana wake, Ifemelu, amachoka ku Nigeria kukaphunzira ku America, ndipo kumeneko ndi kumene amakazindikira kuti anthu akuyamba aona khungu lake asanamve dzina. Ku Lagos anali mwana wa uje, wa mtundu wakuti, wa sukulu yakuti. Atangotsika ndege anasanduka munthu wakuda basi. Ndalikonda bukuli, sindinama. Koma funso landitsalira. Inenso ndili kunja, koma m'takisi ya pa siteji ya Bree, m'tauni ya Joni, aliyense ndi wakuda ngati ine. Nanga bwanji ndimaopa kuyankha foni ya amayi m'takisimo? Mabuku amenewa akunena za ife, kapena za anthu ena?

Kondwani (Cosmo City): Kikiki achemwali mwatidzutsa ndi mabuku. Koma za foniyo mwalasa. Ine ikalira ndimangoidula, meseji kenako: ndikuimbirani ndikatsika. Chonsecho Chizulu ndimachitha bwinobwino.

Che Jafali (Mayfair): Ife a makina osokera tingowerenga ndemanga. Buku la Chizungu lotero ndingalimalize chaka chamawa.

aGondwe (Randburg): A Tamanda mwafunsa bwino. Ndinali mphunzitsi ku Rumphi ndisanabwere kudzasamalira maluwa a eni kuno, ndiye mabuku sindinawasiye. Ndinene chonchi. Mabuku otchuka a Aafirika osamuka ambiri amayang'ana kumpoto: London, New York, Washington. Kumeneko mzere umene umagawa anthu ndi khungu, ndipo wolemba akaufotokoza, owerenga a kumeneko amaumva msanga chifukwa ndi bala lawo lakale, la ukapolo. Kuno mzere ulipo, koma wadutsa pena. Wadutsa pa pasipoti, pa lilime, pa dzina. Mzulu wakuda, ine wakuda, koma iye mwini dziko, ine kwerekwere, dzina lonyoza limene amatitcha alendo.

Buku limene linayesa kugwira zimenezi lilipo, ndipo linalembedwa ndi mwana wa konkuno. Phaswane Mpe, Welcome to Our Hillbrow, 2001. Ndi kabuku kochepa, mungakamalize Lamlungu limodzi. Anthu a kumudzi ku Limpopo m'bukumo amakhulupirira kuti matenda a Edzi ndi zoipa zonse za mu Hillbrow zinabwera ndi alendo. Ndiye mtsikana wina wa kumudzi komweko, Refilwe, amene naye ankanyoza alendo, amapita kukaphunzira ku Oxford, nakakondana ndi mnyamata wa ku Nigeria. Ku England amakaona kuti naye ndi mlendo pakati pa eni. Taonani chaka: 2001. Zaka 7 zisanachitike zipolowe zothamangitsa alendo za mu May 2008 zija, zimene zinayambira ku Alexandra nkupha anthu 62. Munthuyo anaona utsi moto usanaoneke. Anamwalira mu 2004, sanazione.

Tamanda: Limeneli sindinaliwerenge aphunzitsi, ndilifunafuna. Koma ndi Mmalawi alimo?

aGondwe: Alendo a m'bukumo akuonedwa ndi maso a eni dziko. Ndi chifundo, inde, koma ndi maso a eni. Mlendoyo sakudzilankhulira yekha.

Mayi a Thoko (Fourways): Ine ndikutsutsako pang'ono aphunzitsi. Mukuti kuno nkhani si khungu. Bwerani mudzagwire ntchito ya m'nyumba mudzaone. Ine ndimagona kachipinda ka kuseri kwa garaji, kapu yanga ili payokha, mbale yanga ili payokha. Sananene ndi pakamwa, koma tsiku loyamba anandionetsa kuti izi ndi zanu. Ana ndalera ndine, wamng'onoyo mawu oyamba anatchula ndi dzina langa. Alendo akabwera madamu amandiyamikira pamaso pawo: Amalawi ndi anthu abwino, okhulupirika, sadandaula, si ngati akunowa. Poyamba ndinkasangalala. Pano ndikamva mawu amenewo mtima umandiwawa, chifukwa tanthauzo lake ndi lakuti ine ndilibe kokadandaula. Mnzanga wa Chisotho wa nyumba yoyandikana akalakwiridwa amapita ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito. Ine pemiti yanga inatha, ndipita kuti?

Kondwani: Eeeh mayi, apo ndiye mwaphula ngozi. Ndipo mnzanu wa Chisothoyo akamva madamu akukutamani, mkwiyo wake sapita nawo kwa madamu. Amabwera nawo kwa inu.

aGondwe: Ndavomera mayi a Thoko. Khungu lilipo, kungoti kuno lili pawiri. Pamwamba pali mzungu ndi wakuda, monga kale. Pansi pake pali wakuda wa kuno ndi wakuda wobwera. Ndipo ife Amalawi tili ndi mbiri yathuyathu pamenepa imene achinyamata ambiri saidziwa. Nthawi imene maiko a mu Africa ankasala boma la tsankho, Kamuzu anatsegula ubale nalo mu 1967, nadzacheza kuno mu 1971, ndipo ndalama zoyambira kumanga likulu ku Lilongwe zinali ngongole yochokera kuno. Akuluakulu ena a kuno amakumbukira zimenezo. Mzimbabwe kapena Mzambia angathe kuyankha kuti ife tinakusungani pa nthawi ya nkhondo yanu. Ife yankho limenelo limativuta pakamwa. Wolemba buku la Mmalawi wa ku Joni akadumpha zimenezi ndiye kuti wanama.

Che Jafali: Poti mwatuluka m'mabuku mwalowa m'moyo, nane ndiyankhuleko. Kuno ku Mayfair ndi Fordsburg mzungu sitimuona kawirikawiri. Tili ndi amwenye obadwira konkuno, a ku Pakistan, a ku Bangladesh, Asomali, Aitiyopiya. Lachisanu ku mzikiti timaima mzere umodzi, phewa ndi phewa, bwana ndi wantchito. Tikatuluka aliyense amadziwa malo ake. Mnyamata wina wa kwathu ku Mangochi anakondana ndi mwana wa mwini shopu imene ankagwirako. Chipembedzo chimodzi, swala imodzi, Qur'an amaiwerenga kuposa alamu ake akanakhalawo. Nkhani itamveka ntchito inatha tsiku lomwelo, mtsikana anamutumiza kwa achibale ku Durban. Ndiye ndifunse a Tamanda, m'mabuku anuwo zoterezi zilimo? Kapena chikondi cha mitundu iwiri ndi cha wakuda ndi mzungu chokha?

Tamanda: Mwandigwira Che Jafali. M'limene ndawerengali Ifemelu amakhala pa chibwenzi ndi mzungu wolemera, Curt, kenako ndi Blaine, wakuda wa ku America wophunzitsa ku yunivesite. Chosangalatsa nchakuti ndi wakuda mnzakeyo amasemphanabe, chifukwa Blaine anakula ndi mbiri ya tsankho m'magazi pamene iye anachita kuiphunzira atakula. Mbali imeneyo ndi imene ikufanana ndi ife pang'ono. Ine ndinali ndi chibwenzi cha ku Soweto. Akayamba kukamba za zipolowe za ana a sukulu za ku Soweto mu 1976, za agogo ake amene boma la tsankho linawasamutsa mokakamiza ku Sophiatown, ine ndinkamvetsera ngati phunziro la mbiri, iye akulankhula misozi ili m'maso. Ine ndikakamba za njala ya 2002 kwathu ku Kasungu, iye ankangoti shame. Tinkakondana koma aliyense ankalira maliro ake.

Mayi a Thoko: Ndiye munasiyana chifukwa cha mbiri? Kikiki ana a masiku ano.

Tamanda: Ayi mayi, tinasiyana chifukwa anali ndi wina ku Pimville. Koma mbiriyo inathandizira.

Kondwani: Ine nkhani yachikondiyi ndiilowe bwino chifukwa ndili m'katimo. Mkazi wanga ndi Mzulu wa ku Newcastle, tili ndi ana awiri. Kuyambira tsiku loyamba mpaka lero, mbali zonse ziwiri zimakhulupirira kuti ndinamukwatira chifukwa cha mapepala. Azichimwene ake amatero. Anzanga Achimalawi amatero, ena mpaka kundifunsa kuti unalipira zingati aise, tipezereko wina. Ku ofesi yoona za mapepala amatifunsa mafunso ngati akuba, aliyense payekha, kuti aone ngati tikudziwanadi. Lamulo limati ukhale m'banja zaka 5 usanapemphe chilolezo chokhalitsa, ndiye zaka zonsezo mukakangana za ndiwo zokha, pansi pamtima umadziwa kuti pemiti yako ili m'manja mwa amene ukukangana nayeyo. Ndipo iyenso amadzifunsa kuti kodi mwamunayu akundipepesa chifukwa amandikonda, kapena akuopa Lindela, kumene amatsekera alendo asanawabweze kwawo? Chikondi chotere nchovuta abale. Simungathe kuchiyeretsa kuti muone chenicheni ndi chiti.

Tamanda: Achimwene zimenezo zilimo ndithu mu Americanah. Obinze, chibwenzi choyamba cha Ifemelu, ku London amagwira ntchito ndi khadi la munthu wina, kenako amalipira anthu kuti amupezere mkazi wa mapepala, nkumugwira tsiku laukwati lomwelo nkumubweza kwawo. Kwa ine mbali ya Obinze ndi imene inandikhudza kuposa ya Ifemelu. Koma wolemba amamufupa msanga. Akangobwerera ku Lagos amalemera ndi geni ya malo ndi nyumba. Amene amatsitsidwa pa Mwanza kapena pa Kamuzu International Airport atachoka ku Lindela, ndi angati amene amalemera chaka chachitatu?

Kondwani: Amafika ndi jumbo m'manja, mwezi wamawa ali pa Beitbridge kachiwiri.

aNgozo (Tembisa): Ana inu ndakhala ndikuwerenga, maso ndi ovuta ndiye mdzukulu akundilembera. Mukukamba ngati ulendo wa ku Joni wayamba ndi inu. Bambo anga anabwera ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi, ankagwira mgodi wa golide. Ankagona m'komponi, amuna okhaokha, akazi saloledwa. Mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown nkupha Amalawi 74 obwerera kumudzi, Kamuzu analetsa kulemba anthu, ambiri anabwerera. Bambo anga sanabwerere. Anali atapeza mayi wina kuno. Kumudzi ku Dedza anawatcha mtchona. Ine ndinakula ndikumva amayi anga akuwaimba pamtondo ndi anzawo, nyimbo zonyoza koma akulira. Nditabwera kudzawafuna ndinapeza manda, ndi abale anga atatu amene sadziwa liwu limodzi la Chichewa koma nkhope ndi ya bambo anga yeniyeni. Dzina lawo ndi Phiri. Mukaona a Phiri, a Banda, a Mwale a ku Soweto amene amati ndife a konkuno, ambiri ndi ana a matchona. Mu 2008 ena a iwo ankabisa mayina.

Nachisale (Rosettenville): Agogo zikomo, mwanditsegulira khomo. Ine ndakhala chete chifukwa ndimafuna ndione ngati wina atchule mkazi wotsala kumudzi. Mabuku onse mukutchulawa amatsatira amene wanyamuka. Kamera ili pa iye. Akusungulumwa, akuzizidwa, akupeza wina womutonthoza, ife owerenga tizimumvera chisoni. Nanga amene watsala ndi ana ndi munda ndi apongozi? Ine ndinatsala ku Ntcheu zaka zambiri. Chaka choyamba ndalama zinkabwera pa Mukuru mwezi ndi mwezi. Chachiwiri zinayamba kudumpha. Chachitatu ndinaona chithunzi pa Facebook, ali pa braai ndi mayi wina atanyamula khanda. Ankhoswe ndinawauza, anati dikirani, mwamuna ali paulendo sitimuweruza. Ndinagulitsa mbuzi, ndinakwera basi, Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, mpaka Park Station. Sindinabwere kudzamenyana ndi mkaziyo, naye anamunamiza kuti sanakwatire. Ndinabwera kuti ndione ndi maso. Pano ndimaluka tsitsi, ana ndikuwaphunzitsa ndekha. Buku limene lidzalembe zimenezi ndidzaligula ngakhale likhale la R400.

Mayi a Thoko: Asisi mwandiliza. Koma tinene zoona, masiku ano si amuna okha. Tilipo amayi ambiri amene tinasiya amuna kumudzi, ndipo zimachitikanso chimodzimodzi.

Kondwani: Ine ndinabwera ndili mbeta ya mwamuna, musandiyang'ane kikiki.

Nachisale: Palibe wakutchulani achimwene, mwadzidzimukiranji?

aGondwe: Nachisale wanena chinthu chachikulu, koma ndikonzeko pang'ono. M'Chichewa zili mosemphana. Mabuku athu akale amaima kumudzi, kuyang'ana msewu. Amene munaphunzira kale mukukumbukira Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Mmodzi akagwira ntchito kutali napeza katundu, pobwerera m'bale wake amupha chifukwa cha nsanje, mbalame nkuulula. Nkhani yagona pa kubwerera ndi pa katunduyo. Ndi mmene mudzi umationera mpaka lero: munthu wa ku Joni ndi njinga, wailesi, malata, masiku ano foni ndi sola. Zimene anadutsamo kuti apeze malatawo, anakonda ndani, ananyozedwa bwanji, mudzi sufunsa, nafenso sitinena. Tikapita pa Disembala timavala bwino nkunama. Ndiye mabuku a Chizungu ali ndi woyenda popanda wotsala, athu ali ndi mudzi popanda moyo wa woyendayo. Pakatipo pali dzenje, ndipo tonse pagulu lino tikukhala m'dzenjemo.

Osati kuti Amalawi sanalembepo za ulendo. Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro, anafika mpaka ku Khartoum, nakathera ku koleji ku America, ndipo analemba I Will Try mu 1965. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, linakula kugwedeza dziko lino, nayenso analemba mbiri ya moyo wake. Koma amenewa ndi mabuku a anthu opambana, ofotokoza mmene anapambanira. Nthano ya wosoka zovala wa ku Mayfair kapena woluka tsitsi wa ku Rosettenville ndi ina.

Tamanda: Pamenepo pali nkhani ya kalasinso aphunzitsi. Anthu a m'mabuku otchukawa ambiri ndi ana a madokotala ndi maprofesa, amakwera ndege, vuto lawo ndi lakuti kodi ndine wa kuti. Ife funso lakuti ndine wa kuti silivuta, wapolisi amatikumbutsa tsiku lililonse. Limene ndinaona kuti layandikira kwathu ndi la NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe, We Need New Names, nalonso la 2013. Darling amakulira m'zisakasa, amapita kwa azakhali ake ku Michigan, chitupa chake cha mlendo chimatha, ndiye sangapite kwawo chifukwa akatuluka sadzalowanso. Amaimba foni kumudzi, mnzake wa ubwana amamuuza kuti iwe unathawa, usamalankhule za dziko lino ngati lako. Masiku 30 athu aja amene amatidindira pa chipata polowa dziko lino akatha, si zomwezo?

Mayi a Thoko: Maliro a bambo anga ndinaonera pa video call chifukwa cha masiku 30 amenewo.

Che Jafali: Pepani mayi. Ambiri tadutsamo.

Kondwani: Ndibwerere pa khungu pang'ono, pali china sitinachikhudze. Apolisi akamaimitsa anthu pa siteji ya matakisi ya Noord kapena ku Hillbrow, amayamba ndi ndani? Wakuda kwambiri. Ndaonapo Mvenda wa ku Thohoyandou akutulutsa ID yake akunjenjemera ndi mkwiyo, ine woyererako ndikudutsa osafunsidwa. Mwa anthu 62 a mu 2008 aja, 21 anali nzika za dziko lino. Ndiye tsankho la khungu limene azungu anasiya, akuda analitola nkuyamba kuyezerana okhaokha kuti wada kwambiri ndani.

Nachisale: Ndipo mafuta oyeretsa khungu amagulidwa bwanji mu saluni mwathu! Atsikana a kwathu amati ukayera pang'ono apolisi sakuvutitsa, ndiponso amuna amakuona. Ndimawauza kuti zala ndi zigongono zidzakuululani, samva.

Admin (Zandspruit): Abale nkhani ndi yabwino, sindichotsa munthu. Kungokumbutsa kuti amene akufuna kutumiza katundu Loweruka alembe ku inbox, osati pano, uthenga ukusowa m'kati mwa ndime za aphunzitsi.

aGondwe: Pepani a admin, choko sichichoka m'manja.

Che Jafali: Funso langa lomaliza. Tinene kuti wina walemba. Alemba m'chinenero chanji? Akalemba Chizungu, awerenga a Tamanda ndi aphunzitsi ndi azungu a ku Rosebank, ine ndi Nachisale amene nkhaniyo ndi yathu tingomva kuti munalembedwa. Akalemba Chichewa, asindikiza ndani, agula ndani? Kumudzi buku limagulidwa likakhala pa silabasi basi.

Tamanda: Ndipo Chichewa chake chiti? Cha pano nchosakaniza. Timati ndikupita ku spaza, ndatenga piece job, abwana andipatsa off. Ana a achimwene a Kondwani mwina amayankha Chizulu akafunsidwa m'Chichewa.

Kondwani: Wamkulu amamva koma sayankha. Wamng'ono amangoseka. Chaka chatha tinapita nawo kumudzi, agogo awo anawapatsa moni, iwo nkuyang'ana ine kuti ndimasulire. Amayi sanalankhule kanthu pamaso pa mpongozi wawo, koma usiku anandiitanira kuseri nkundifunsa kuti kodi ana amenewa ndi a mtundu wanji. Kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake, mwini mbumba ndi malume. Kwa mkazi wanga, poti ndinapereka malobolo, ana ndi a kwa bambo. Ndiye kwathu akuti ndi a kuchikazi, kuchikazi akuti ndi a kwathu. Mbali zonse zikuwapereka mwaulemu kwa inzake.

aGondwe: Kwathu ku Rumphi vuto limenelo kulibe, malobolo tinazolowera, ana ndi a bambo. Mukanakhala Mtumbuka bwenzi nkhani itatha.

Kondwani: Ndiye ndisinthe mtundu aphunzitsi? Kikiki.

aNgozo: Mdzukulu Kondwani, funso lalikulu silimenelo. Ukadzamwalira udzaikidwa kuti? Kambiranani ndi mkazi wako muli moyo. Bambo anga sanakambe, ali ku Tembisa kuno, amayi ali ku Dedza, ndipo ku mudzi mpaka lero ena amati sanamwalire poti maliro sanawaone. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Kondwani: Agogo nkhani imeneyo tinaiyamba kamodzi, inathera pa kusalankhulana masiku angapo. Iye akuti ku Newcastle, pafupi ndi ana, ndipo anandilembetsa kale pa funeral cover ya banja lawo. Ine ndimasonkhabe ku kagulu kathu kotumiza maliro kumudzi, iye sadziwa.

Nachisale: Sadziwa? Achimwene, mkazi wanu ali pagulu lino, munamulowetsa nokha chaka chatha kuti aziphunzira Chichewa.

Kondwani: A admin, uthenga umafufutidwa bwanji kuti onse asauone?

Admin: Wawerengedwa kale ndi anthu 43, achimwene. Gulani maluwa kwa aGondwe popita kunyumba.